Ndinakayezetsa toxoplasmosis ku labotale ya m'tauni: magazi amatenga bwino, koma pepala kawerengetseni kwina

Amayi anzanga oyembekezera amene mukuganiza zokayezetsa toxoplasmosis (matenda a kachirombo kamene kamatha kuchoka kwa mayi n'kupita kwa mwana ali m'mimba) kuno ku Blantyre, labotale imene ndinapitako ine mukhoza kupitako, bola mukhale mutapangana kale ndi dokotala woti akakuwerengereni zotsatira. Pawindo pamene amaperekera mapepala musafunsepo kanthu, ndipo akakuuzani kanthu musatengere. Dzina la malowa sinditchula poti zina zimene ndinene si zokoma, komanso mtsikana amene anatilakwirayo ndi wolembedwa ntchito chabe, sindikufuna kumudyera nsima yake. Ndi labotale ya pulayiveti ya m'kati mwa tauni, ili pamwamba pa mashopu, ndipo masitepe ake ndi opapatiza moti mayi wotopa ayenera kupumira panjira.

Ine ndili ndi golosale ku Chilomoni. Kuseri kwake kuli kachipinda kosungiramo matumba a ufa, shuga, mpunga ndi makatoni a sopo, ndipo aliyense wogulitsa ufa akuidziwa nkhondo ya makoswe. Mankhwala analephera, misampha inalephera, chimene chinathandiza ndi amphaka awiri amene anandipatsa aneba. Tsiku lina ndinaika pa WhatsApp chithunzi cha mmodzi atadzipinda pa thumba la ufa, ndiye achemwali anga a ku Johannesburg anaimba foni nthawi yomweyo. "Iwe, uli ndi pakati ukusewera ndi amphaka? Wayezetsa toxo?" Sikelo ndinali nditayamba kale kuchipatala cha boma. Anandiyeza HIV, chindoko ndi kuchuluka kwa magazi, anandipatsa neti ndi mapiritsi owonjezera magazi, zonse mwadongosolo. Toxoplasmosis ndiye mulibe m'ndondomeko ya sikelo, ndipo anamwino anandiuza mosabisa kuti ngati ndikufuna ndikayezetse ku pulayiveti. Sindikuwaimba mlandu, chifukwa ngakhale ku Britain ndi ku America sayeza mayi aliyense woyembekezera matendawa.

Ndinapita ndi alamu anga a ku Machinjiri, mlongo wawo wa bambo a kunyumba, amene nawonso ndi oyembekezera. Nthawi imeneyo tonse tinali tisanakwanitse miyezi itatu. Iwo mphaka safuna kumuona ndi komwe, ali m'gulu la aja amati mphaka wolowa m'nyumba usiku wachita kutumidwa, koma atamva kuti ndikukayezetsa anati nawonso asatsale. Dokotala wa amayi amene ndimaonana naye ku pulayiveti ndi amene anatilembera timapepala topita nato.

Pakauntala, tisanaonetse timapepalato, anatiuza mtengo wa K35,000 munthu mmodzi. Atawerenga zimene adokotala analemba anati, "Aa, alemba ziwiri, IgG ndi IgM. Ndiye ndi K70,000." Apa samalani. Mukangofika n'kunena kuti mukufuna toxo, akuyezani IgG yokha osakufunsani ngati muli oyembekezera, ndipo kwa mayi wapakati IgG payokha imasiya funso lalikulu lisanayankhidwe, monga mmene ndifotokozere. Mitengoyi mmene zinthu zikukwerera masiku ano imbani kaye foni. Airtel Money ndi Mpamba amalandira, lisiti amapereka osadikira kuti upemphe.

Kutenga magazi kwawo ndilibe nako dandaulo ngakhale limodzi. Kachipinda kake ndi kaukhondo, kali ndi chitseko chotseka, mpando wake uli ndi potsamiritsa mkono. Mnyamata amene anatitenga anasamba m'manja ife tikuona, anavala magolovesi atsopano, singano anaitsegula m'pepala lake pamaso panga. Mitsempha yanga imavuta, kwina amandibaya mikono yonse iwiri mpaka kukathera kuseri kwa dzanja, koma iyeyu anamanga lamba, anandiuza ndikunge chibakera, anasisita ndi chala pang'ono n'kulowa kamodzi. Kenako anamata dzina pa kabotolo, anandionetsa nati, "Amayi, tawerengani, dzina ndi tsiku lobadwa zili bwino?" Kanthu kakang'ono, koma amene munasinthitsidwapo zotsatira ndi munthu wina mukudziwa kufunika kwake. Alamu amaopa singano, anawachezetsa za mvula ya ku Machinjiri mpaka anangodabwa akuwamata thonje. Magetsi anazima tili pomwepo, jenereta inalira nthawi yomweyo. Chimbudzi chinali ndi madzi ndi sopo. Anatiuza kuti tidikire uthenga sabata yotsatira, ndipo uthengawo unabwera tsiku limene ananenalo lisanakwane.

Zinavuta ndi pokatenga mapepala. Pawindo panali mtsikana wina, osati amene anatilandira ndalama uja. Pabenchi panali anthu odikira, amuna ndi akazi. Anatulutsa mapepala athu opanda envelopu, anayang'ana langa nati, "Amayi inu muli bwinobwino, zonse negative, musadandaule." Anayang'ana la alamu, nkhope inasintha, ndipo mokweza anati, "Asisi, inu zatuluka positive. Kaonaneni ndi adokotala msanga. Kunyumba kuli mphaka?" Inu mukudziwa chimene munthu wa kuno amamva mawu akuti positive akanenedwa pawindo la labotale kwa mayi woyembekezera. Mitu yonse ya pabenchi inatembenuka. Alamu anangolandira pepala, masitepe aja anatsika osagwira ndi chitsulo chomwe, ndipo m'minibasi analira njira yonse. Anali atawerenga kale pa foni za ana obadwa ndi mitu ikuluikulu.

Adokotala atatenga mapepala awiriwo anawaika limodzi patebulo, anaseka pang'ono mopanda chimwemwe, nati mtsikanayo watipatsa uthenga mosemphanitsa. Pepala la alamu linali IgG positive, IgM negative. Langa linali negative zonse ziwiri. IgG ndi asilikali a m'thupi amene amayamba kuoneka patatha sabata imodzi kapena ziwiri kachiromboka katalowa, ndipo amakhala moyo wonse. Anati zili ngati chipsera cha katemera chimene tonse tili nacho pamkono, chimangosonyeza kuti chinachake chinadutsapo kale. IgM ndi imene imakwera matenda akakhala atsopano. Ndiye mayi amene mimba ikadali yaing'ono, IgG ilipo, IgM palibe, ndipo chitetezo chake cha m'thupi chili bwino, ameneyo anakatenga kalekale asanaime, ndipo thupi lake likumutchinjiriza mwanayo. "Mayi, inu pukutani misozi, kagoneni tulo," anawauza alamu. Kenako anatembenukira kwa ine. "Wofunika kusamala ndi inuyo. Simunakumanepo nako, ndiye mukakatenga miyezi imeneyi mpamene kangadutse kupita kwa mwana."

Taonani pamenepo. Wa amphaka awiri alibe, wodana ndi amphaka ali nako. Ndinafunsa kuti zatheka bwanji, adokotala anati palibe chodabwitsa, poti kachiromboka, kamene dzina lake ndi Toxoplasma gondii, akuti kali mwa munthu mmodzi mwa atatu aliwonse padziko lapansi. Ambiri sadziwa. Kamalowa osadwala n'komwe, kapena umangomva kuphwanya m'thupi, kutentha pang'ono ndi mwanabere pakhosi, zimene ife timangoti ndi malungo, tikayezetsa sapezeka, patapita masabata zatha zokha. Kachiromboko sikachoka, kamadzitsekera m'minofu ndi mu ubongo n'kugona.

Nditabwera kunyumba ndinawerenganso ndekha, ndipo kusiyana kwa mayiko kunandidabwitsa. Ku America bungwe loona za matenda la CDC limati anthu oposa 40 miliyoni ali nako, pafupifupi 11 mwa 100 aliwonse. M'madera ena a ku Brazil ndi oposa theka. Ku France, kumene amakonda nyama yosapsetsa, amayi oyembekezera opezeka ndi IgG anali cha m'ma 80 mwa 100 m'zaka za m'ma 1960, anatsika kufika 54 mu 1995 ndi 37 mu 2010, kadyedwe ndi kasungidwe ka nyama zitasintha. Kafukufuku wina wa mu 2020 wophatikiza zotsatira za mayiko ambiri anapeza kuti mu Africa amayi oyembekezera pafupifupi theka anakumanapo nako. Kumadera otentha ndi achinyontho kamachuluka chifukwa mazira ake amakhalitsa m'dothi lonyowa, ndipo munthu akamakula mpata woti anakumanapo nako umakulanso. Alamu anakulira ku Thyolo, khasu m'manja kuyambira ali kamtsikana, kudimba chaka chonse. Kukhala positive kwawo si nkhani yoti munthu n'kukwezera mawu pawindo. Pabenchi paja, mwa anthu amene anatembenuza mitu, ena anali nako iwo eni.

Funso la mtsikana lija, lakuti kunyumba kuli mphaka, ndi limene landikwiyitsa kwambiri pakapita nthawi, chifukwa ndi funso limene limatayitsa anthu amphaka n'kuwasiya akudya kanyenya wofiira m'kati mtima uli m'malo. N'zoona kuti mphaka ndiye gwero. Kachiromboka kanapezeka mu 1908 ku Tunisia m'kanyama konga mbewa, koma mpaka cha mu 1970 mpamene akatswiri anatsimikiza kuti m'matumbo a mphaka ndi anzake a m'tchire mokhamo ndi mmene kamaswana n'kupanga mazira. Mphaka amakatenga akadya khoswe, mbalame kapena nyama yaiwisi, ndiye anga osaka makoswewa sindingawaikire kumbuyo. Koma amataya mazirawo m'chimbudzi chake kwa sabata imodzi mpaka zitatu zokha, kawirikawiri kamodzi pa moyo wake, makamaka akadali wamng'ono atangoyamba kusaka. Komanso mazirawo sapatsira matenda tsiku lomwelo, amafuna tsiku limodzi mpaka masiku 5 kuti akhwime. Kumusisita mphaka pamsana si njira imene anthu ambiri amatengera. Vuto ndi kumene wakwirira chimbudzi chake: pamulu wa mchenga womangira nyumba umene ana amaseweretsa, pabedi la masamba, padzala la phulusa. M'dothi lonyowa mazirawo amatha kukhala amoyo chaka ndi kupitirira. Ndipo wokwirira pamenepo nthawi zambiri si mphaka wako, ndi aja oyendayenda usiku opanda mwini. Kukhala wopanda mphaka pakhomo sikutanthauza kuti dothi la pakhomo pako ndi loyera.

Apongozi atamva nkhaniyi analamula kuti amphaka anga akatayidwe ku Michiru. Ndinawauza mwaulemu kuti, "Amayi, adokotala akuti asachoke, ine ndingosiya kuwasesera." Ndipo ndi mmene tikuchitira. Mnyamata wa pagolosale ndi amene amachotsa chimbudzi chawo ndi fosholo tsiku lililonse chisanagone, n'kuthirapo madzi owira. Pa thumba la ufa anasiya kugona, tinawaikira katoni. Kamwana ka mphaka kamene aneba amafuna kundiwonjezera ndinakana, katsopano ndi kamene kangabwere ndi mazira.

Nyama ndi imene adokotala anakhalitsapo. Mbuzi, nkhosa ndi nkhumba zimadya mazira aja ndi msipu kapena m'zinyalala, kachirombo n'kukagona m'minofu yawo monga kachitira mwa ife. Kafukufuku amene anachitika m'mizinda ingapo ya ku Ulaya, wofalitsidwa mu 2000, anapeza kuti mwa amayi oyembekezera amene anatenga matendawa, pakati pa 30 ndi 63 mwa 100 anatengera ku nyama yosapsa, 6 mpaka 17 ku dothi, ndipo kukhala ndi mphaka sikunaoneke ngati chiopsezo. Kumeneko ndi ku Ulaya, kadyedwe kathu n'kosiyana. Mwa njira ina ndife amwayi, chifukwa ndiwo za pakhomo timaphika mpaka nyama kusiyana ndi fupa, mpiru ndi nkhwani sitidya zaziwisi. Pamene pali mpata ndi panjira. Loweruka lina ndinaima pamalo ena owotchera nyama kumsika kwathu, osagula, kungoyang'ana. Makasitomala atachuluka, wowotchayo ankaphula nkhumba kunja itapserera koma akaidula pakati pakutuluka timadzi tofiira. Mpeni umene ankadulira nyama yaiwisi ndi womwewo ankadulira yowotcha, thabwa ndi lomwelo, ndipo atapukuta mpeniwo pa kansalu kamene kanali paphewa anayamba kuwaza nawo kabichi ndi tomato wa saladi. Nyamayo ikhoza kupsa, saladiyo sapita pamoto. Kanyenya ndimamukonda, koma pano ndikamufuna ndimagula nyama n'kukawotcha ndekha kunyumba.

Mabuku amati nyama ya nthuli ifike madigiri 63 m'kati n'kuisiya mphindi 3, yogaya ndi soseji 71, nkhuku 74. Ndani ali ndi choyezera kutentha kwa nyama ku Chilomoni? Ine ndimadula pakati penipeni, ndikaona kufiira ndimabwezera pamoto. Kulawa msuzi nyama isanapse ndinasiya. Ndikamaliza kutsuka ndi kudula nyama ndimasamba m'manja ndi sopo ndisanagwire china chilichonse, mpeni ndi thabwa zimatsukidwa kaye zisanakhudze tomato. Amatinso kuumitsa nyama mufiriji yozizira kufika madigiri 12 pansi pa ziro kwa masiku angapo kumapha kachiromboka, koma ndi mmene magetsi amazimira kuno, nyama kusungunuka masana kuumanso usiku, njira imeneyo sindiidalira. Okonda mbewa, vuto lalikulu si zophika kale n'kuumitsa zija, ndi kwa wokumba ndi wotumbula. Mkaka wa mbuzi wosawiritsa nawonso ayi.

Pali nkhani ina imene amayi timabisa. Dothi. Mimba yoyamba ndinalidya, ino nayonso mtima unayamba kulifuna, ndipo kumsika limagulitsidwa poyera m'timapepala. Adokotala anandifunsa mwachindunji, "Mayi, dothi mumadya?" ndipo nditazengereza kuyankha anati ayankha okha. Palibe amene angakuuze kumene linakumbidwa ndi nyama zimene zinadutsapo. Anati chilakolako chimenechi nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi, ndiye mankhwala ake ndi kumwa mapiritsi a kusikelo aja mosadumphitsa, osati kusinthanitsa wogulitsa dothi. Pa zonse zimene ndauzidwa kusiya, ichi ndiye chikundivuta kuposa kanyenya.

Za madzi zinandidzidzimutsa. Kuchokera nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, ndi namondwe Freddy atadutsa, tonse tinaphunzira kuthira kolorini m'madzi, ndipo tisasiye, kolera imaphedwa nayedi. Koma mazira a Toxoplasma ali ndi chikhungwa cholimba, kolorini wa mulingo wa madzi akumwa sawapha. Ku Victoria m'dziko la Canada mu 1995 anthu ambiri anadwala toxoplasmosis kuchokera ku madzi a mumzinda othiridwa kolorini koma osasefedwa. Kuno mipopi ikauma timathamangira kuzitsime ndi kumitsinje, kumene mvula imakokololera zonse za pamtunda. Madzi oterowo kwa mayi wapakati ndi owiritsa basi. Makala akwera, ndikudziwa, koma ndimawiritsa anga akumwa okha pa mbaula nsima ikapsa, moto usanazime. Kabichi wa saladi, letesi, magwafa ndi mango otola pansi ndimatsuka ndi madzi omwewo. Kadimba kanga ka kuseri kwa nyumba ndikulimabe, nditavala magolovesi a pulasitiki, ndipo zikhadabo ndinawenga.

Zimene alamu anawerenga pa foni sizinali zabodza, kungoti sizinali zawo. Mayi akatenga kachiromboka koyamba ali ndi pakati, kakhoza kudutsa m'nsengwa. Ofufuza a ku France anapeza kuti mpata wodutsa ndi pafupifupi 6 mwa 100 pa sabata 13, 40 pa sabata 26, ndi 72 pa sabata 36. Koma kuopsa kwake kumayenda mobwerera. Kakadutsa mimba ili yaing'ono mpamene kamawononga kwambiri: kupita padera, madzi kudzaza m'mutu mwa mwana, ubongo kuwonongeka. Kakadutsa kumapeto, ana ambiri amabadwa ooneka bwino, ena n'kudzayamba vuto la maso atakula, zipsera za kuseri kwa diso zimene zimatha kuchititsa khungu. Lipoti lofalitsidwa m'magazini ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2013 linayerekeza kuti ana pafupifupi 190,000 amabadwa ndi matendawa chaka chilichonse padziko lonse. Mankhwala alipo. Spiramycin amaperekedwa pofuna kuchepetsa mpata woti kafike kwa mwana, ndipo ngati kafika kale amapereka pyrimethamine ndi sulfadiazine pamodzi ndi folinic acid. Wina akuuzani kuti Fansidar wa kusikelo alinso ndi pyrimethamine, n'zoona, koma ameneyo ndi wa malungo ndipo mulingo wake ndi wina. Musakagule kuti mudzichize nokha.

Chinthu choyamba chimene adokotala anatifunsa tonse, chitseko chili chotseka, chinali zotsatira zathu za HIV, ndipo anafotokoza chifukwa chake. Mwa munthu amene chitetezo chatsika kwambiri, makamaka CD4, nambala yoyezera chitetezocho, ikafika pansi pa 100, kachirombo kogona kaja kamadzuka n'kupanga zotupa mu ubongo: mutu wosamva mankhwala, kusokonezeka, kukomoka, mbali imodzi ya thupi kufooka. Kwa munthu wotero IgG positive ili ndi tanthauzo lina kotheratu. Bactrim amene amaperekedwa limodzi ndi ma ARV kuti azimwedwa tsiku lililonse amateteza ku zimenezi, ndiye amene mumamusiya m'kabati poti mapiritsi achuluka, muganizenso. Pepala lomwelomwelo, manambala omwewo, kwa wina ndi uthenga wabwino, kwa wina ndi chenjezo. Mtsikana wa pawindo sangadziwe zimenezi, ndipo sayenera kufunsa anthu pabenchi akumva. N'chifukwa chake sayenera kumasulira n'komwe.

Nanga IgM ikatuluka positive? Apa mpamene labotale imeneyi ingamuike mayi m'mavuto enieni. IgM imatha kukhalabe m'magazi miyezi yambiri, mwa ena kupitirira chaka, matenda atadutsa kale, ndipo nthawi zina imatuluka positive molakwika. Kuti adziwe ngati matendawo ndi a posachedwa, amayezanso magazi patapita masabata awiri kapena atatu kuona ngati IgG ikukwera, kapena amachita kuyeza kwina kotchedwa avidity. Ndinafunsa pakauntala ngati avidity amayeza, anayang'anizana. Anakaitana wa m'kati wovala chikhoti choyera, iye ndi amene anayankha bwino kuti paokha sayeza, amatumiza kunja, ndipo zimatenga nthawi komanso mtengo ndi wina. Munthuyo amadziwa ntchito yake, anafotokoza modekha. Anthu odziwa alimo m'nyumbamo, kungoti ali kuseri kwa khoma, kutsogolo anaikako osaphunzitsidwa.

Kodi K70,000 yanga inagwira ntchito? Kwa alamu inde, ngakhale anailipira ndi misozi, poti tsopano nkhawa imeneyi alibenso. Kwa ine ndi pakatikati. Negative wa lero sanena za mwezi wa mawa. Ku France kuyambira 1992 mayi amene wapezeka negative amayezedwa mwezi uliwonse mpaka kuchira, ndipo salipira m'thumba mwake. Kuno ndani angakwanitse? Adokotala anati ngati ndalama ilipo ndibwereze pakati pa mimba ndi chakumapeto, ngati palibe ndilimbikire ukhondo ndi sikani. Ndiye maganizo anga ndi awa: ngati ndalama ikuvuta, musakongole kuti mukayezetse chifukwa choti wachibale wa kunja wakuopsezani. Ingodzitengani ngati ndinu negative, psetsani nyama, wiritsani madzi okayikitsa, siyani dothi, chimbudzi cha mphaka achotse wina. Zimenezi n'zomwe pepala langa linandiuza, ndipo ndikanatha kuzichita popanda pepalalo. Amene asazengereze ndi mayi amene watuluka mwanabere kapena watentha thupi malungo osapezeka, amene sikani yaonetsa zokayikitsa m'mutu mwa mwana, amene chitetezo chake n'chotsika, ndi aliyense amene dokotala wa maso wamuuza kuti ali ndi chipsera kuseri kwa diso. Oterewa ayambire kwa dokotala, kaya ku Queens kaya ku pulayiveti, iye ndiye alembe zoyeza.

Ndinabwerera ku labotale kuja kukadandaula. Akuluakulu a pamalopo anandilandira mu ofesi, anamvetsera osandidula mawu, anapepesa, ndipo anati malamulo awo salola wa pawindo kunena kanthu pa zotsatira. Ndinawafunsa chifukwa chimene mapepala amaperekera opanda envelopu, anati maenvelopu anali atatha tsiku limenelo. Yankho limenelo silinandikhutiritse, malo olipiritsa K70,000 sangasowe envelopu, ngakhale kupinda pepala n'kumenya sitepula. Ndinawapemphanso kuti pansi pa manambala ndi timalemba ta Chingerezi ting'onoting'ono tija aziikapo mzere umodzi wa Chichewa wonena kuti IgG positive mwa anthu ambiri imasonyeza matenda akale ndipo munthu aonane ndi dokotala asanade nkhawa. Anati akakambirana. A labotalewo sanawaimbire foni alamu kuwapepesa, ngakhale nambala yawo ali nayo, ndipo alamuwo anenetsa kuti kumeneko sadzapondakonso.

Ine ndibwererako mwezi wachisanu ndi chimodzi, chifukwa cha mnyamata wa singano uja ndi kusunga nthawi kwawo. Ndawauza kale kuti zotsatira azitumize kwa adokotala pa imelo, zimene amachita ukapempha polipira, ndipo alemba pa fomu. Mukapita, kuyeza kumeneku sikufuna kuti mukhale osadya, ndiye idyani kaye musanakwere masitepe aja. Nenani pakauntala kuti ndinu oyembekezera ndi masabata amene mwafika kuti alembe papepala, onetsetsani kuti IgG ndi IgM zonse zalembedwa pa lisiti, ndipo Loweruka fikani m'mawa poti amatseka masana.